Mchenga wa ku Champerico ndi Wakuda

Yadira anayamba kulongedza chikwama kudakali milungu itatu kuti Sabata Loyera lifike. Palibe anamuuza kuti ulendo ulipo, koma iye anaona kuti kudikira chilolezo n'kutaya nthawi. Anaikamo diresi yoyera imene anavala tsiku lotsanzikana ndi sukulu, chipewa cha mlaza chobwereka kwa mnzake, ndi nsapato zapulasitiki zimene chigulireni zinali zisanapondepo pansi. Kenaka anachikankhira kunsi kwa bedi. Tsiku lililonse ankachitulutsa, kuchitsegula, kuyang'anamo, n'kuchibwezera.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma nyanja yamchere anali asanaione ndi maso ake. Chinkamupweteka n'chakuti nyanjayo sinali kutali. Ukanyamuka kwawo ku Salcajá m'mamawa n'kutsika mapiri, kugombe la ku Champerico umakafika dzuwa lisanafike pamutu. Ndipotu mayi ake, a Zoila, anabadwira komweko, m'nyumba imene mafunde ankamveka mpaka kuchipinda.

Nkhani ya mmene makolo ake anakumanirana ankaidziwa pamtima, ndipo ankaikonda kuposa zonse zimene anawerenga kusukulu. Bambo ake, a Cleto, munthu wonyika ulusi mu utoto, wa manja abuluu osasuluka ngakhale ndi sopo, anatsikira ku Champerico ali mnyamata kukagulitsa nsalu. Anapeza mtsikana akukazinga nsomba pansi pa chisakasa. Pofuna kuti asachoke msanga, anadya mbale zitatu, chonsecho nsomba zimawatulutsa zidzolo. Chaka chisanathe anamutenga mtsikanayo n'kukwera naye kumapiri kozizira. Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo a Zoila sanabwerereko. Makolo awo anamwalira kale, abale anabalalika, ndipo iwo za kwawo sankazitchula.

Mwezi wotsatira Yadira ankayamba ntchito pa sitolo ya nsalu mumzinda wa Xela, kumene satseka ngakhale Loweruka. Sabata Loyera limeneli ndilo linali lomaliza kukhala nalo m'manja mwake. Likapita, basi.

Anasankha Lamulungu masana, onse ali pagome, pakamwa pali zakudya kuti asamudule mawu msanga. Panali bambo ake, mayi ake, azakhali ake a Herlinda, mlongo wa bambo ake, ndi amuna awo a Genaro, mwini galimoto yabokosi yonyamula ndiwo zamasamba kumsika.

"Ndalemba zonse," anatero Yadira akuyala pepala pakati pa mbale. "Tinyamuka Lachisanu m'mawa. Mayi ndi azakhali akhala kutsogolo. Ine ndi bambo kumbuyo, pa matiresi. Tikagona m'nyumba ya alendo, kapena pamchenga pomwepo, ine sindikana. Tikadya nsomba..."

"Lachisanu liti?" anafunsa a Herlinda supuni ili m'malere.

"Loyera."

A Herlinda anadzilemba mtanda kawiri. "Mwana iwe, ukufuna tikubweretse m'ndowa? Wosamba Lachisanu Loyera amasanduka nsomba. Ana a sukulu mumaiwala zinthu zofunika."

"Azakhali, munaonapo munthu mmodzi yekha amene anasanduka?"

"Ndingamuone bwanji, ali m'madzi?"

A Genaro anaseka mpaka kutsamwa. "Mkazi wanga akasanduka ndiye mwayi wanga, nsomba siilankhula."

"Khala chete, dazi iwe. Iwe ndiye ungasanduke chule, sipangakhale n'kusintha kwenikweni."

A Cleto anapukuta pakamwa mwachifatse. "Lachisanu kuli kapeti, Yadira. Ukudziwa."

Ankadziwadi. Lachisanu Loyera lililonse banja lililonse la mumsewu mwawo limayala kapeti ya utuchi wonyika mu utoto patsogolo pa khomo lake, kuti mdipiti wonyamula chifaniziro cha Ambuye ogona m'manda udutsepo. Ya kwawo sinalepherepo kuyambira nthawi ya agogo ake, ndipo utuchi wa theka la msewuwo ankanyika ndi bambo akewo.

"Chabwino," anatero Yadira, poti yankho limenelo analikonzekera. Anatembenuza pepala. Kuseri kunali ndondomeko ina. "Loweruka. Kapeti yatha, mdipiti wadutsa, nsomba za azakhali zabwerera kukhala anthu. Loweruka aliyense amasamba."

"Loweruka galimoto imangokhala," anatero a Genaro. "Ine ndilibe mawu."

"Loweruka timatsuka migolo ya utoto," anatero a Cleto.

"Nditsuka ndekha Lachisanu madzulo."

"Msewu wa kugombe umadzaza."

"Tinyamuka tambala woyamba."

"Matayala a mlamu atha."

"Aa, achimwene," anadandaula a Genaro, "matayala anga alakwanji?"

A Cleto anayang'ana manja awo abuluu ngati mwalembedwa chifukwa china. Sanachipeze. "Chaka chamawa," anatero.

"Munatero chaka chatha. Ndi dzana lake. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri munatero, ndinalemba m'kope!" Anatembenukira kwa mayi ake. "Mayi, nenaniponi kanthu. Si kwanu kodi?"

A Zoila anaimirira n'kuyamba kusonkhanitsa mbale. "Ndili ndi buledi wa mabanja makumi atatu woti ndiphike sabata limenelo," anatero, n'kulowa kukhitchini.

Yadira anakhala masiku awiri osalankhula ndi munthu. Ankakhala pawindo n'kumayang'ana mitambo ikutsika phiri kulowera kumadzulo, kumene ankadziwa kuti nyanja ili. Ankadziona ataima m'madzi ofika m'mawondo, diresi yoyera ikuuluzika, ndipo chapatali mnyamata wina amene nkhope yake sanaisankhe akuyitanitsa mbale yachitatu.

Tsiku lachitatu bambo ake anaima pakhomo la chipinda chake akukanda m'mutu.

"Chaka chino kapeti ujambule ndiwe," anatero. "Chilichonse chimene ukufuna. Undiuze mitundu basi."

Yadira anadziwa kuti akumunyengerera ngati mwana womupatsa switi, ndipo anatsala pang'ono kukana. Koma ganizo linamugwera mwadzidzidzi ngati zipatso zakupsa.

"Chilichonse?"

"Chaulemu."

"Ndikufuna buluu wa mitundu itatu. Matumba asanu ndi limodzi. Woyera thumba limodzi. Wachikasu matumba awiri."

"Buluu yenseyo ngwachiyani?"

"Mudzaona."

Ngati iwo akukana kupita naye kunyanja, iye aibweretsa nyanjayo pakhomo, aiyale pamaso pa msewu wonse, aone ngati bambo ake angaitembenukire msana. Anatenga kalendala yakale ya ku sitolo ya mankhwala, imene inali ndi chithunzi cha gombe, n'kudzitsekera m'chipinda ndi makatoni ndi mpeni. Anadula zikombole za mafunde, za nsomba, za bwato. Bwatolo analikonzera azakhali: akadandaula, adzawauza kuti ndi la Petulo Woyera.

Lachisanu Loyera kunacha ndi chisanu choluma zala. Msewu wonse unali utatsekedwa, ndipo khomo lililonse linali ndi anthu ogwada. A Cleto ndi a Genaro anayala utuchi wosanyika n'kuusalaza, n'kuika thabwa lalitali pa njerwa kuti munthu agwadepo osaponda. Yadira anakwera pathabwa ndi sefa m'manja. Anayamba ndi buluu wakuda wa kutali, kenaka wapakati, kenaka wowala wa kufupi ndi mtunda. A Genaro ankayenda m'mbali n'kumawaza madzi kuti mphepo isaulutse.

"Maluwa ali kuti?" anafunsa a Herlinda manja ali m'chiuno. "Mtanda uli kuti? Nkhunda?"

"Bwato la Petulo Woyera ilo, azakhali."

A Herlinda anasuzumira. "Petulo Woyera mwini wake ali kuti?"

"Watsika. Akuyenda pamadzi, kuseri uko."

Anthu a makomo oyandikana anayamba kubwera mmodzimmodzi, manja ali mbuu ndi utoto. Ena anagwedeza mitu, ena anajambula ndi mafoni. A Cleto ankangomupatsira mwana wawo matumba, maso ali pansi, ngati munthu amene wazindikira mochedwa kuti msampha anautcha yekha.

Dzuwa litakwera Yadira anamaliza thovu loyera la mafunde n'kuthira mchenga wachikasu, wowala ngati dzira, m'mbali monse mwa khomo. Anaimirira msana ukuwawa, n'kuyang'ana. Inali yokongola kuposa ya pa kalendala.

Nthawi yomweyo a Zoila anatuluka ndi mphika wa phala lotentha la chimanga ndi makapu. Iwo kapeti sankaikhudza. Chaka chawo choyamba m'banjamo apongozi awo anawauza kuti manja a anthu a kugombe amadziwa mamba a nsomba okha, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kudyetsa ogwada. Anafika pakhonde, n'kuima. Mphika unapendekeka mpaka a Genaro anathamanga kukaulandira.

A Zoila anayang'ana kapetiyo nthawi yaitali. Yadira anadikira kuti mayi ake alire kapena amukumbatire.

"Mchenga umenewo wautenga kuti?" anafunsa a Zoila.

"Pa kalendala."

"Kalendala yakunamiza. Imeneyo ndi nyanja ya eni ake. Kwathu mchenga ndi wakuda."

"Wakuda?"

"Bii, ngati kunsi kwa mphika. Masana umatentha moti sungaime ndi mwendo umodzi kuwerenga mpaka zisanu." Analoza ndi chala. "Ndipo mafunde ako ngaulemu kwambiri. Akwathu sabwera chogwada chonchi. Amaima, kutalika kuposa bambo akowa, n'kudzigwetsa."

Nkhope ya Yadira inatentha. Anthu onse aja anali akumva. Milungu itatu akulota, masiku khumi akudula makatoni, ndiye wajambula nyanja ya anthu ena! Misozi inayamba kulengeza. Kutali, cha kutchalitchi, ng'oma ya mdipiti inagunda koyamba. Panatsala maola awiri, mwina osakwana.

"Cleto, wakuda unanyika wochuluka bwanji?" anafunsa a Zoila.

"Wa m'mphepete mokha. Watha."

A Zoila anamasula epuloni, kenaka anaimanganso mothina. "Genaro, pita ku uvuni wanga, ukatole makala onse ozima. Herlinda, mtondo uli kuseri kwa chitseko. Yadira, pukuta m'maso, misozi imasungunula utoto. Kokolola wachikasuwo."

"Ine ndisinje makala Lachisanu Loyera?" anatero a Herlinda. "Ndi diresi imeneyi?"

"Ndi yakuda kale, mlamu. Palibe adzaone."

Anasinja. Makala aja anawasakaniza ndi utuchi wotsala, ndipo a Zoila anavula nsapato n'kukwera pathabwa. Zikombole sanazifune. Ankatapa ndi dzanja n'kumwaza monga amamwazira ufa pa thebulo, ndipo mchenga wakuda unayamba kumera m'mphepete mwa madzi. Anatenga woyera n'kuimiritsa mafunde, aatali, opindika pamwamba. Ankalankhula okha, osayang'ana munthu.

"Apa panali chisakasa cha azakhali anga. Apa mitengo ya kokonati itatu, wapakati wopendekeka. Apa mlatho wachitsulo wolowa m'nyanja, wadzimbiri, tinkadumphirapo amayi akapita kumsika." Anaujambula ndi chala chimodzi, mzere wakuda wolowa m'buluu. "Yadira, shuga. Wa pamwamba pa buledi uja."

"Shuga, mayi?"

"Mchenga wakwathu umanyezimira. Thamanga!"

Atauwaza, dzuwa linaugwira, ndipo gombe lonse linathwanima ngati lili ndi maso. Anthu anati aaa. A Herlinda anati nyerere za m'tauni yonse zibwera ku mdipiti chaka chino, koma mawu awo anatuluka ofewa.

Yadira anatsika pathabwa n'kukaima pafupi ndi bambo ake. Sanawaonepo mayi ake otere: tsitsi litamasuka, masaya akuda ndi makala, akuseka okha ngati mtsikana. Atacheuka anaona kuti bambo ake nawo akuyang'ana komweko, koma nkhope yawo inali ya munthu woona nyumba yake ikupsa.

"Waona?" anatero a Cleto motsitsa. "Izi ndi za utuchi chabe. Nanga akakaona yeniyeni?"

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

"Ndinamuchotsa kotentha, kodya nsomba za tsiku lomwelo, n'kumubweretsa kuno kovala majuzi awiri, kwa amayi anga a pakamwa paja. Chaka choyamba ankalira m'tulo. Ndinati ndikapita naye, akaima pamchenga paja, akandiyang'ana ine ndi manja angawa, n'kuti: pita wekha. Ndiye ndinati chaka chamawa. Kenaka chinangozolowereka."

Yadira ankaganiza kuti nkhani ya mbale zitatu inatha kalekale ndi ukwati. Sanadziwe kuti ikupitirirabe, m'nyumba momwemo, pakati pa migolo ya utoto ndi uvuni.

Koma a Cleto, monga anthu ogwira ntchito pafupi ndi madzi otuluka pampopi, kunong'ona kwawo kunkamveka tsidya lina la msewu. A Zoila anali atasiya kumwaza.

"Wati chiyani, Anacleto?"

Dzina lonse likatuluka, ngakhale agalu a mumsewuwo ankakhala chete.

"Palibe, mayi," anayankha a Cleto.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikukuchapira malaya a utoto, ndikukufunditsa ukamatsokomola, ndakuberekera mwana wamakani uyu, iwe n'kumaganiza kuti ndikudikira galimoto?" Anapukusa mutu. "Ine ndimati sukufuna chifukwa unkachita manyazi ndi kwathu, monga ankachitira amayi ako. N'chifukwa chake sindinapemphe."

"Manyazi? Ine ndinadya mbale zitatu!"

"Zinayi. Yachinayi sunalipire."

Msewu wonse unaphulika ndi kuseka. A Genaro anakhala pansi pa njerwa atagwira mimba. A Zoila anawerama, natapa buluu pang'ono pa nsonga ya chala, n'kudontheza timadontho tiwiri pamchenga wakuda, pafupi ndi chisakasa chija.

"Timeneto n'chiyani?" anafunsa Yadira.

"Manja a chitsiru china chimene ndinapita nacho."

Ng'oma inali itayandikira. Anachotsa thabwa mwachangu, a Genaro anawaza madzi komaliza, ndipo onse anaima pakhonde. Utsi wa lubani unafika poyamba, kenaka amuna a mikanjo yakuda, mizere iwiri, atasenza pamapewa machila olemera a Ambuye ogona, akuyenda monjenjemera kumanzere ndi kumanja. Kapeti zonse za kumtunda zinali zitasanduka fumbi la mitundumitundu pansi pa mapazi awo. Atafika pakhomo pawo, wotsogolera anayang'ana pansi n'kuchedwetsa phazi kamphindi. Kenaka analowa m'nyanja.

Yadira anamva ngati akumuponda pachifuwa. Mafunde, bwato, mlatho, zonse zinasakanikirana m'kanthawi kochepa. Anayang'ana mayi ake poopa kuti awapeza akulira. Anawapeza atagwira mkono wa bambo ake ndi manja onse awiri, makala akudetsa malaya awo oyera a tchalitchi.

Oimba malipenga atadutsa, a Cleto anatsokomola.

"Mlamu," anatero osayang'ana munthu, "matayala aja ali bwanji?"

"Tsiku lija munati atha."

"Ndikufunsa lero."

"Lero ndi atsopano."

Yadira sanadikire kumva zambiri. Anathamangira m'nyumba, ndipo anthu osesa msewu asanafike pakhomo pawo iye anali atatuluka ndi chikwama paphewa, chipewa kumutu.

"Mawa, mwana iwe!" anakuwa a Herlinda. "Mawa! Lero ndi Lachisanu, ukufuna mamba?"

Migolo anaitsuka yekha monga analonjezera, akuimba, madzi abuluu akuyenderera pabwalo.

Ananyamuka kusanayere bwino, atafunda mabulangete, dengu la buledi lili pakati. A Herlinda, amene ananena kuti iwo sapita, ndiwo anali oyamba kukhala kutsogolo, korona m'manja, thumba la mandimu pamiyendo. A Zoila anakana kukhala nawo. Anakwera kumbuyo, pa matiresi, pakati pa mwamuna wawo ndi mwana wawo. Galimoto ikutsika, anthu anayamba kuvula: bulangete, juzi loyamba, juzi lachiwiri. Mitengo ya paini inatha, kunabwera nthochi, kenaka minda ya nzimbe. Yadira anafunsa kasanu ngati atsala pang'ono. Kachisanu ndi chimodzi mayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja.

"Usafunse. Nunkhiza."

Linali fungo la mchere ndi nsomba zokazinga.

Mchengawo unalidi wakuda, ndipo unkanyezimira. Yadira anaima pamene msewu unathera. Nyanja sinali yabuluu wa mitundu itatu. Inali yotuwa, yobiriwira, yaphokoso, yaikulu moti sinasiye malo a maloto ake aja, ndipo iye sanawafunenso. Anavula nsapato zatsopano zija kuti aumve mchenga ndi mapazi, n'kukuwa, n'kuyamba kudumphadumpha.

"Ndinakuuza," anatero a Zoila. "Suuyenda, umauthamanga." Anakwinya siketi n'kuliyatsa liwiro, mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, mpaka anakalowa m'thovu.

A Cleto anatsala kumtunda atanyamula nsapato za akazi awo, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo. Anayang'ana funde likuwaphimba, n'kuwaonanso akutuluka, akupita patsogolo. Yadira anaona zala za bambo ake zikufinya nsapato zija.

Kenaka a Zoila anatembenuka. Anatuluka m'madzi ali chonyowa, anawoloka mchenga wotentha uja osathamanga, n'kudzaima pamaso pa mwamuna wawo.

"Ukudikira chiyani, nkhalamba iwe? Chaka chamawa?"

Anawagwira dzanja labuluu lija n'kuwakoka, nsapato, chipewa, malaya ndi zonse. Yadira anawatsatira akukuwa, diresi yoyera ija itada kale m'munsi. Kumbuyo kwawo a Herlinda anaviika chala chimodzi cha kuphazi m'madzi, anachitulutsa, anachiyang'anitsitsa mbali zonse, kenaka anauza a Genaro kuti awagwirire korona.